Fungo la Tayala M'mbale ya Mkazi Wanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, inu amene mumawerenga zimene ndimalemba pano, moni nonse, a kwathu ku komboni ya Kanyama ndi akutali omwe. Lero sindinabwere ndi vesi, ndabwera ndi manyazi anga. Kwa miyezi yambiri mphuno yanga inasiya kumva fungo, ndipo fungo litabwerera linabwera lopotoka, moti ndinatsala pang'ono kutaya mkazi wanga, amake Taonga, amene ndinawamenya ndi dzanja lomwe ndikulembera lino. Ndi iwo amene andilola kufotokoza nkhaniyi, ndipo andiuza kuti ndisachotsepo kanthu.

Ntchito yanga ndi kumata matayala. Ndili ndi kamalo m'mphepete mwa msewu, kompuresa yakale, mgolo wodula pakati wa madzi oyesera machubu, ndi mulu wa matayala otha kumbuyo. Ondidziwa amadziwa kuti ndili ndi mtima wapachala. Ku tchalitchi ndinkaimba besi m'kwaya, koma pamsewu munthu akangondiyankha mokhota, dzanja linkayamba kuyabwa ndisanaganize n'komwe.

Loweruka lina m'mawa, dzuwa litakwera kale, kunamveka phokoso kuchokera ku kiosiki ya madzi. Anthu ankakuwa kuti kawalala, kawalala. Akuti munthu wina anaba foni ya mayi amene ankatunga madzi. Foniyo ine sindinaione, ndipo mpaka lero sindinakumane ndi munthu amene anaiona. Ndinangoona bambo wamsinkhu wanga akuthamanga nsapato imodzi itavuka, khutu likuchucha magazi, gulu lili pambuyo pake ndi miyala ndi matabwa. Anadzagwa pafupi ndi mgolo wanga n'kundigwira mwendo.

"Bamudala, nithandizeni. Si ine," anatero.

Sabata ya m'mbuyo mwake anthu osadziwika anali atandibera masipanala. Ndinamuyang'ana munthu uja n'kuona masipanala anga, basi ndinamumenya theche pakamwa. Gulu linamugwera. Ankamuponda m'mimba, wina anamuswa bondo ndi njerwa, ndipo phokoso la bondolo ndinalimva ngakhale panali chisokonezo cha mawu. Kenako wina anafuula kuti pabwere tayala. Abale, palibe amene anandilanda tayala. Ndinapita ndekha kumulu, ndinasankha la minibasi, ndinaligubuduza ndi manja angawa. Wina anabwera ndi petulo m'botolo, wina machesi. Utsi wakuda unakwera, ndipo fungo lake linali la labala, tsitsi ndi nyama pamodzi.

Azimayi a ku kiosiki ndi amene anali ndi umunthu tsiku limenelo. Anabwera ndi zigubu zawo n'kumukhuthulira madzi uku akutitukwana. Nthawi yomweyo galimoto ya apolisi inatulukira, utsi wokhetsa misozi unaphulika, gulu linabalalika. Anthu othawa anandigunda pachifuwa, ndinagwa chagada, nkhongo yanga n'kumenya pa simenti ya m'mphepete mwa ngalande. Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Langa linanunkha, ndipo ndilo fungo lomaliza limene ndinamva bwinobwino.

Ndinadzuka kuchipatala chachikulu patapita masiku awiri, amake Taonga ali pambali panga maso atatupa. Iwo anamva kuti ndinavulala poteteza malo anga a ntchito, ndipo ndi zimene anauza abale a ku tchalitchi. Anthu a Mulungu anabwera kudzandipempherera ngati munthu wosalakwa amene wagwera m'chipolowe cha eni ake. Ine ndinkangoyankha kuti ameni, osawongola nkhaniyo.

Nditabwerera kunyumba ndinazindikira kuti dziko lasiya kununkha. Chimbudzi cha pa yadi yathu, chimene anthu amalowa atagwira mphuno, kwa ine chinali ngati mpweya wamba. Chakudya ndinkamva mchere ndi shuga basi, zina zonse zinali ngati kutafuna siponji. Ndinaganiza kuti ndi chimfine cha m'kati, chidzatha. Komanso kuntchito ndikatsegula kachitini ka guluu womatira zigamba ndinkamva akundibaya m'mphuno mpaka misozi, ndiye ndinkadziuza kuti mphuno yanga ili bwino. Kulakwitsa kwanga kwakukulu kunayambira pa guluu ameneyo.

Patapita miyezi inayi, tsiku lina ndikulowa m'nyumba amake Taonga akukazinga anyezi, fungo lija linandilandira pakhomo. Linali lomwe lija la Loweruka, labala, tsitsi ndi nyama. Ndinathamangira kuseri kukaona ngati wina akuwotcha zinyalala, koma kunalibe kanthu. Mawa lake linali m'mazira, mkuja mu nsomba. Chilichonse chotentha chimene mkazi wanga ankaika patebulo chinkanunkha munthu wopsa. Koma kuntchito, kumene ndimakhala pakati pa matayala enieni tsiku lonse, kunalibe fungo lililonse. Mutu wanga wopusawu unawonkhetsa msanga: mphuno ikumva guluu, matayala sakununkha, chakudya cha mayiyu ndicho chikununkha, ndiye kuti akuthiramo kanthu.

Ndinakayesa kudya ku malesitilanti a mumsika, fungo linali lomwelo. Munthu wanzeru akanabwerera kunyumba kukapepesa. Ine ndinati mankhwala alowa kale m'magazi. Mnzanga wina ananditengera kwa bambo wina wodzitcha mneneri, amene anandithira mafuta m'mphuno, n'kundiomba mbama pachipumi, n'kunena kuti pali mkazi wapafupi amene akundidyetsa zakumanda. Anandiuza zimene ndinkafuna kumva. Kunali kosavuta kukhulupirira kuti mkazi wanga ndi mfiti kusiyana ndi kuvomera kuti fungolo ndinkalidziwa kumene linachokera.

Kuti mumvetse kulemera kwa zimene ndinachita, dziwani kuti amake Taonga ndi a Chibemba, ndipo makolo awo amakhala ku Mandevu, komboni ina ya mumzinda momwemuno. Tisanakwatirane, azimayi a kwawo anabwera kwathu ndi ng'oma ndi mabeseni a chakudya omangidwa m'zitenje, mwambo umene amautcha chilanga mulilo. Anandionetsa ndiwo imodziimodzi, kutanthauza kuti kuyambira tsiku limenelo ndili ndi ufulu wodya za pamoto wawo. Mayi wamkulu anandiuza pamaso pa anthu kuti mwamuna wokankha mbale ya mkazi wake wakankha mtundu wonse. Ine ndinakankha mbale kwa miyezi iwiri. Ndinkadya mabanzi ozizira ndi madzi kuntchito, lamba ndinaboolanso mabowo awiri, ndipo tsiku lililonse mkazi wanga ankavundukula mbale n'kupeza momwe anaziikira. Sanauze aliyense. Ankangosintha ndiwo, kuganiza kuti mwina dzanja lawo ndilo lalakwika.

Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi anapha nkhuku. Ndinamva pambuyo pake kuti anasala kudya masiku atatu kupempherera chakudya chimenecho. Atangovundukula mbale, fungo lija linandimenya. Ndinaponya mbaleyo kukhoma, msuzi unayenderera mpaka pansi. Ndinawagwira pakhosi n'kuwakanikiza kuchitseko, kuwafunsa kuti andiuze sing'anga amene anawapatsa. Ndinatola nyama pansi n'kuwakakamiza kudya, ndipo anadya akulira. Zimenezo sizinandikwanire. Ndinawamenya mbama ziwiri, mlomo unang'ambika, Taonga wa zaka zitatu akukuwa kunsi kwa tebulo.

Atapukuta magazi ndi chitenje anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu, akunditchula mwa Chibemba kuti bambo ake a Taonga: "Bashi Taonga, naphika chabe monga masiku yonse. Ngati mwalema na ine, kambani, nibwelele kwathu. Koma osanipaya pamenso pa mwana."

Madzulo asanafike anali atabereka mwana n'kukwera basi ya ku Mandevu. Ndinakhala ndekha m'nyumba ndi msuzi pakhoma, ndipo ndikuuzeni zoona, mtima wanga unali wosasweka. Ndinkaona ngati ndapambana.

Lachiwiri masana minibasi inaima pamalo anga ngati yofuna mpweya. Munatuluka alamu anga awiri, wina dalaivala, wina kondakitala. Sanapereke moni. Wamkulu anazula paipi ya kompuresa n'kuyamba kundikwapula nayo, wamng'ono anandimenya ndi chitsulo changa chochotsera matayala pamwamba pa diso. Anandikokera ku mgolo, n'kundimiza mutu m'madzi akuda aja katatu, uku akundifunsa ngati madziwo nawonso athiridwa mankhwala. Nkhonya yobwezera imawawa. Anthu anasonkhana, ena mwa iwo omwe aja tinali limodzi Loweruka lija, koma palibe amene anatambasula dzanja. Ndinagona pafumbi pamalo pomwe munthu uja anandigwira mwendo, ndipo pamenepo ndinapemphera pemphero loona loyamba chichokereni kuchipatala. Ndinati, Ambuye, ngati mukufuna kundipha ndipheni, koma ngati ayi, ndionetseni chimene chalowa mwa ine.

Mulungu anandiyankha tsiku lomwelo, ndipo njira yake inali zibakera za alamu anga, chifukwa popanda iwo sindikanaponda kukiliniki. Amene anandisoka anali mayi wachikulire wa magalasi, wosaseka, amene aliyense ankangowatchula ba Dokota. Patebulo pawo panali kapu ya khofi yotentha. Atangondiyandikira nayo ndinayamba kudukwa, ndinawapempha aichotse chifukwa ikununkha tayala. Anaika singano pansi. Anandifunsa ngati ndinavulalapo mutu, anapapasa chipsera cha kunkhongo, kenako anandiuza nditseke maso. Anandiyandikizira sopo, sindinamve kanthu. Anandiyandikizira thonje la sipiriti, ndinabwerera m'mbuyo. Ndinawauza monyadira kuti mwaona, mphuno yanga ili bwino, ngakhale guluu ndimamumva.

Anandiuza kuti chimenecho si fungo. Kubaya kwa guluu, kwa sipiriti ndi kwa tsabola kumayenda ndi mtsempha wina, wa kumva kuwawa pankhope, ndipo umenewo sunavulale. Kenako anatembenuza khadi langa n'kujambula kumbuyo kwake. Anati kumwamba kwenikweni m'kati mwa mphuno, pakati pa maso, kuli kamalo kakang'ono ngati chikhadabo, komwe kuli timaselo togwira fungo. Kuchokera pamenepo timitsempha tochepa kuposa tsitsi timakwera kudutsa pa fupa lopyapyala lokhala ndi timabowo ngati sefa, n'kukalumikizana ndi timibulu tiwiri togona kunsi kwa ubongo wakutsogolo. Munthu akamenyetsa nkhongo, ubongo umagwedezeka m'chigaza, ndipo timitsempha tija timaduka pa sefa paja. Ndicho chifukwa chake dziko linasiya kununkha. Chakudyanso chinasiya kukoma chifukwa lilime limangodziwa zochepa, monga mchere, kutsekemera, kuwawasa ndi kuwawa. Kukoma kwa nkhuku kapena nsomba ndi fungo limene limakwera kuchokera kukhosi kupita ku kamalo kaja.

Anapitiriza kuti timitsempha ta fungo tili ndi mphatso imene mitsempha yambiri ilibe, timatha kuphukanso. Koma pophuka tina timafika, tina sitifika, tina timakalowa polakwika, monga minibasi imene amakanika asokoneza mawaya, woyendetsa akayatsa magetsi hutala n'kulira. Anyezi wokazinga, nyama, mazira ndi khofi ndizo zimavutitsa kwambiri anthu otere, ndipo ambiri amati zimanunkha chinthu chopsa kapena chowola. Anati fungo loipalo kawirikawiri ndi chizindikiro chakuti chinachake chayamba kulumikizana, ngakhale sanandilonjeze kuti ndidzachira.

Ndinafunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani fungolo limandinjenjemeretsa ngati mwana. Anajambula mzere wina. Anati zimene timaona ndi kumva zimayamba zaima pa siteshoni ina pakati pa ubongo zisanagawidwe, koma njira ya fungo imalunjika pafupi ndi malo osunga zokumbukira ndi mantha. Ndiye fungo limatha kumubweza munthu ku tsiku linalake asanaganize n'komwe. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa ngati ndili ndi nkhani ndi tayala. Ndinalira ngati wofedwa, ndipo ndinawauza zonse, za munthu uja ndi za mkazi wanga. Ndinamaliza ndi kunena kuti ndiye kuti si ine, ndi matenda.

"Iyayi," anatero akumanga ulusi womaliza. "Mitsempha ya mphuno siinyamula manja. Kununkha ni matenda. Kumenya ni imwe."

Wakutsina khutu ndi mnansi. Anandilembera kalata ya kuchipatala chachikulu kwa oona za mphuno, n'kundiuza kuti ndizinunkhiza zinthu zinayi zodziwika bwino m'mawa ndi madzulo kwa miyezi yambiri, uku ndikukumbukira fungo lake lenileni, kuti ubongo uphunzirenso.

Loweruka lotsatira ndinapita ku Mandevu ndi mkulu wa mpingo ndi bashibukombe, bambo amene anali mkhalapakati wa ukwati wathu. Ndinagwada pabwalo, bandeji ili pankhope, alamu anga ataimirira pakhomo manja ali m'chiuno. Ndinaonetsa khadi lojambulidwa lija, koma sindinabisale kumbuyo kwake. Ndinanena kuti tayala lija ndinaligubuduza ndine, kuti ndinanamiza mpingo, ndi kuti ndinatcha mwana wawo mfiti kuti ndisadzitche ndekha wakupha. Apongozi anga aakazi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi mbale zovundikira, anaziika patsogolo panga, n'kukhala pansi. Munali nkhuku yophikidwa ndi amake Taonga. Fungo linali lomwe lija, osachepa ngakhale pang'ono. Ndinadya thukuta likutsika, misozi ikugwera m'mbale, m'mimba mukukana nthongo iliyonse, mpaka ndinamaliza.

Amake Taonga sanabwerere tsiku limenelo, ndipo anachita bwino. Anati ndiyambe ndapita kupolisi kukanena nkhani zonse ziwiri, ya munthu uja ndi ya kuwamenya iwowo, ndi pakamwa panga. Ndinapita ndi mkulu wa mpingo, ndinagona m'chitokosi masiku atatu. Kumeneko ndinamva kuti munthu uja sanafe. Anakhala nthawi yaitali m'chipatala, abale ake n'kumutengera kumudzi, ndipo sanafune kuonana ndi aliyense wa ku Kanyama. Nkhaniyo sinatsekedwe mpaka lero, ndipo tsiku limene adzandiitane ndidzapita ndi miyendo yanga. Mukamapemphera, muzimukumbukira iyeyo musanandikumbukire ine.

Mkazi wanga anabwerera patapita miyezi iwiri, ndipo anandiuza poyera kuti dzanja langa likadzangokwera kamodzi, sipadzakhalanso bashibukombe. Ndi iwo amene anakonza timabotolo tinayi, ka khungu la ndimu, ka masamba a bulugamu, ka jinja ndi ka sopo wochapira. M'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito ankandigwirira kamodzikamodzi kumphuno n'kutchula dzina lake mokweza, ngati akuphunzitsa Taonga kulankhula. Masabata ambiri zonse zinkanunkha tayala kapena osanunkha konse. Masiku ena ndinkafuna kuswa timabotoloto, ndipo ndinaphunzira kutuluka panja n'kukazungulira yadi mpaka mtima utsike. Ndinalumbiranso pamaso pa Mulungu kuti mawu akuti chapsa kapena chanunkha sadzatulukanso pakamwa panga pa chakudya chawo.

Patapita pafupifupi chaka chibwerereni, tsiku lina masana ndinali khale pakhomo ndikusoka nsapato ya Taonga. Amake anali atatereka nyemba pa mbaula n'kupita kuseri kukayanika zovala. Ndinamva fungo la kupsa. Mtima unagunda, ndinati labweranso, ndipo monga mwa lumbiro langa ndinatseka pakamwa n'kupitiriza kusoka. Fungolo linakula, ine chete. Kenako ndinaona amake Taonga akuthamanga kuchokera kuseri, zovala zonyowa zili paphewa, n'kuphula mphika uku akudandaula kuti nyemba zonse zapserera.

"Imwe muli chabe pafupi apa, simunamvele?" anandikalipira.

Ndinayankha kuti ndinamva, koma ndimaganiza kuti ndi langa lija. Anaima chilili, mphika uli m'manja. Pamenepo m'pamene nanenso ndinazindikira kuti munalibe labala m'fungo limenelo, munalibe tsitsi. Zinali nyemba zopserera basi, monga ankapserezera amayi anga ndili mwana. Mkazi wanga anaika mphika pansi, anakhala pambali panga pa sitepe, n'kubisa nkhope m'chitenje. Aneba anaganiza kuti talandira uthenga wa maliro. Tsiku limenelo tinadya nyemba zopsererazo mpaka kupala pansi pa mphika, ndipo aka kanali koyamba kuti mkazi wanga adye nane m'mbale imodzi osandiyang'ana kumaso mwamantha.

Sindinachire kwathunthu. Khofi akadali mdani wanga, ndipo maluwa sindiwamva. Koma ndikuthokoza Mulungu amene sanandiphe pamene ndinamupempha kutero. Ndikuthokoza ba Dokota aja, azimayi a zigubu, apongozi anga, ngakhalenso alamu anga, amene masiku ano amabwera kudzapopa matayala ndipo sindiwalipiritsa. Inu amene chakudya chasintha fungo mutavulala mutu kapena mutadwala, pempherani, koma pitaninso kuchipatala musanaloze munthu chala. Inu amene mukuyembekeza machiritso ochedwa, musatope, Mulungu amagwira ntchito ngakhale pa timitsempha tosaoneka ndi maso. Ndipo inu abambo anzanga a mtima ngati wanga, musadikire kuti mumizidwe mutu mu mgolo. Amake Taonga anandipatsa mwayi umodzi wokha, ndipo m'mawa uliwonse ndimapempha Ambuye andigwire dzanja ili kuti ndisauwononge. Ambuye akusungeni nonse ndi mabanja anu. Ameni.